Ndinachoka ku Joni Kudzadwazika a Nambewe

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene chiwawu chinapsereza kachewere wathu. Mbewu inali itamera bwino, kenako kunagwa mvumbi, nkhungu ya ku Bembeke ija n'kukhazikika osachoka, masamba n'kuyamba kuda. Pokumba tinapeza zowola zokhazokha. Ine ndi akazi anga, a Nambewe, tinakhala pansi pamzere. Podzuka anakung'untha chitenje chawo n'kunena kuti, "Bambo a Agnesi, anzanu akupita. Inunso kayeseni." Sindinatsutse. Maganizowo ndinali nawo kale, kungoti ndinkaopa kuyamba ndine. Ine kwathu ndi kwa Kaphuka, ku Bembeke ndinapita chikamwini. Munda unali wawo, malo a nyumba anali awo. Mkamwini akalephera kudyetsa banja palibe amamutukwana, koma amadziwa yekha poona mmene anthu akumupatsira moni.

Ku Joni ndinapeza ntchito pamsika waukulu wa zakumunda, yotsitsa matumba m'magalimoto. Ambiri mwa matumbawo anali a kachewere. Ndinkaseka ndekha kuti ndathawa mbatata zanga kudzasenza za eni. Ndinkagona m'kachipinda kamalata kuseri kwa nyumba ya munthu wina, ife anthu atatu, aliyense ndi mphika wake. Tinkachoka kusanache, kubwera kutada, ndipo nkhani zathu zinali za mtengo wa ufa ndi za apolisi basi. Tsiku lovuta linali Lamulungu. Kunalibe chochita, ndipo mabelu a tchalitchi chapafupi ankandikumbutsa anthu a kwathu akutsetsereka m'mapiri kupita ku misa, majuzi ali pathupi.

Lamulungu lomwelo masana ndi pamene ndinkaimba foni kumudzi. Ndinkasamba kaye, kuvala malaya abwino, n'kukaima pageti ya eni nyumba pomwe panali maluwa, kuti a Nambewe aone kuti ndikukhala pabwino. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, nthawi zina zochepa mochititsa manyazi. Zinamanga nyumba ya njerwa zootcha, zinaphunzitsa mwana wathu Agnesi mpaka fomu folo. Ukwati wa Agnesi ndinauonera pafoni. Masiku ondilola kukhala m'dzikomo anali atatha kalekale, ndipo aliyense ankadziwa kuti ukatuluka pachipata cha m'malire mapepala ali otero, amakudinda kuti usabwerenso. Choncho chaka chilichonse ndinkati ndibwera chaka chamawa, mpaka zaka zinakwana zisanu ndi zinayi.

Matenda anayamba ngati nkhani yaing'ono. "M'mimbamu mukundivuta, akuti ndi zilonda," anatero a Nambewe tsiku lina. Ndinatumiza mankhwala a zilonda zam'mimba kudzera kwa anyamata onyamula katundu. Kenako anati msana. Kenako anati kamera ya foni yawonongeka, tiziyankhulana mawu okha. Ndinakhulupirira. Mawu awo ankamveka bwinobwino, ankafunsa za kuzizira, ankandiuza za mitengo ya feteleza. Chinthu chimodzi chokha ndinachiona, kuti sankachedwanso pafoni monga kale.

Amene anandiuza zoona ndi alamu anga a Matilida, akulu awo a akazi anga. Anaimba pakati pa sabata, ine thumba lili paphewa.

"Alamu, mwakhala pansi?"

"Ndili pantchito. Kwagwanji?"

"Tinali ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Akuti ndi khansa ya kapamba, kachiwalo kena kali kuseri kwa chifu. Akuti yafalikira, sangapange opaleshoni. Atibweza kunyumba ndi mankhwala oletsa ululu. Mwini wake anandiletsa kukuuzani. Koma ine sindingasenze ndekha zimenezi."

Ndinamaliza kutsitsa galimoto ija, chifukwa sindinadziwe china chochita. Madzulo ndinagulitsa bedi ndi wailesi kwa anzanga a m'chipinda. Pachipata chotulukira anandidinda monga ndinkayembekezera. Mkulu wodindayo sanandiyang'ane n'komwe. Basi inadutsa Zimbabwe, inadutsa Tete motentha ngati m'ng'anjo, kenako mphepo inayamba kuzizira, mapiri n'kuonekera, ndinadziwa kuti Dedza wayandikira. M'chikwama ndinali ndi bulangete latsopano, sopo wonunkhira ndi mapiritsi odula amene ndinagula ku famase. Ndinkaganiza kuti ndabweretsa thandizo.

Nyumba imene ndinamanga ndinaiona koyamba tsiku limenelo. Sindinaiyang'ane kawiri. A Nambewe ndinawapeza pamphasa pabalaza, atagwada, ataweramira pathumba la chimanga lomwe analifunditsa chitenje. Anali ataonda moti mapewa ankaoneka ngati a mwana. Maso anali achikasu, manja ali zipsera zokandakanda chifukwa cha kuyabwa. Anadzutsa mutu pang'ono, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira.

"Mwafika, bambo a Agnesi? Mwayenda bwanji? Pepani sindidzuka."

A Matilida anandifotokozera panja kuti ululuwo umayambira pachifu n'kuboola mpaka kumsana. Kugona chagada kunali kosatheka. Akadya kanthu unkakula. Kuwerama kokha ndi kumene kunkawapatsako mpumulo. Ndinafunsa za mankhwala a kuchipatala aja. Anandilozera pamwamba pa kabati. Panali botolo lapulasitiki la madzi obiriwira, pafupi pake pali sirinji yopanda singano yoyezera. Anati dzina lake ndi mofini. Botololo linali lodzadza pafupifupi mpaka m'khosi.

"Anamwa masiku awiri okha," anatero a Matilida. "Ululu unaleka, koma ankangogona. Atsibweni atabwera n'kuwaona ali chigonere, anati tisiye. Mwini wakenso atamva kuti mwanyamuka, anakaniratu."

Atsibweni a Kamwendo, mlongo wawo wa malemu apongozi anga aakazi, ndiwo anali mwini mbumba. Si munthu waukali. Anabwera madzulo omwewo kudzandilonjera, anandigwira dzanja ndi manja awiri. Nditatchula za botolo, anayang'ana pansi.

"Apongozi, madzi amenewo ndikuwadziwa. Akazi anga anawamwa sabata imodzi, sabata yachiwiri tinawaika m'manda. Amapereka akaona kuti munthu watha, kuti apite msanga. Ine sindingalole kuti mwana wa mlongo wanga timuperekeze tokha."

Ndinayesa kuyankha, koma anakweza dzanja mofatsa. "Inu mwafika lero. Ife matendawa takhala nawo chiyambire." Sanalakwitse. Mkamwini salowerera nkhani ya mbumba ya eni.

Mapiritsi anga a ku Joni sanathandize chilichonse. M'mawa mwake ndinaona a Nambewe akuluma chitenje kuti asakuwe, zala zikukanda thumba lija. Ndinatuluka, ndinazungulira nyumba, ndinalowanso. Ndinapempha a Matilida kuti aimbire anamwino a ku chipatala cha paboma amene amayang'anira odwala matenda osachiritsika, chifukwa anawasiyira nambala. Ndinapita ndekha kukagwada kwa atsibweni kuti adzangomva nawo. Anabwera. Foni tinaiika pampando pakati pathu, mawu tinakweza.

Anamwinowo sanakalipe. Anafunsa kaye atsibweni za malemu akazi awo, anadwala nthawi yaitali bwanji, mankhwalawo anayamba liti. Kenako anati, "Bambo, pepani kwambiri. Anthu ambiri amatipeza matenda atafika kale kumapeto, ndiye imfa ikabwera amaloza botolo. Mankhwalawa akamwedwa pamuyezo wake sapha munthu. Khansayo sachiza, zimenezo sindikunamizani. Koma mayiwa atha kudya, kucheza, kugona ngati munthu. Tulo timene munationa timachepa pakapita masiku angapo thupi likazolowera." Anatiuza kuti tisamadikire kuti ululu uyambe, tiziwapatsa maola anayi aliwonse ngakhale akuseka, ndipo ululu ukabuka pakati pali kamuyezo kena koonjezera. Anatikumbutsanso timapiritsi tofewetsa m'mimba, chifukwa mofini amadzimbitsa.

Atsibweni sanavomere, sanakanenso. Anangoti, "Mwini thupi anene yekha."

Ndinalowa ndekha, ndinagwada pafupi ndi thumba lija. A Nambewe anali atamva zonse.

"Ndinkafuna mundipeze ndili maso," anatero. "Zaka zonsezi, ndiye mufike mupeze munthu ali mtulo ngati chipika? Ndikamwa ndigona. Inu mucheza ndi yani?"

"Ine kukhala ndekha ndinazolowera, amayi. Imwani. Mukadzuka mundipeza pompano."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso achikasu aja, kenako anatsegula pakamwa. A Matilida ndiwo anayeza.

Pasanathe ola, mapewa awo anatsika. Tinawatsamiritsa pamapilo, anagona. Anagona tsiku limenelo, ndi lotsatira, ndi linanso, kumangodzuka kumwa mankhwala ndi kaphala pang'ono. Masiku amenewo ndi amene ndinasungulumwa kuposa tsiku lililonse la ku Joni. Kumene kuja ndinkadziwa kuti ndine mlendo. Kuno ndinali m'nyumba yanga, koma sindinkadziwa pomwe pamakhala machesi. Amayi a mumphakati wa tchalitchi ankabwera mosinthana, wina kuchapa, wina kutunga madzi, wina kupemphera kolona. Ankandipatsa moni mwaulemu n'kundilambalala kukafunsa a Matilida chochita. Agnesi, yemwe ndinamusiya ali kamtsikana, anali mayi wa mwana kumbuyo, ndipo ankandigwadira patali ngati ndine mlendo wa abambo ake. Anthu pamsewu ankanditchula kuti a ku Joni. Mudzi unali utaphunzira kuyenda popanda ine, ndipo unkayenda bwino. Atsibweni ankabwera m'mawa uliwonse, kusuzumira pakhomo, kuona munthu ali mtulo, n'kubwerera osandiyankhula. Ndinayamba kuopa kuti mwina ankanena zoona.

Ntchito imodzi yokha ndi imene ndinalanda, yosunga nthawi. Ndinatchera foni kuti izilira maola anayi aliwonse, ndinaphunzira kuyeza, ndipo botolo likatsala pang'ono ndinkakwera kabaza kupita paboma kukatenga lina lisanathe.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa pakhonde ndinamva mawu m'nyumba. "Bambo a Agnesi, tsache limenelo ndi lapanja. Lam'nyumba lili kuseri kwa chitseko." Ndinapeza atakhala tsonga, akufuna tiyi wa mandimu.

Masabata otsatirawo ndi amene ndimawakumbukira ndikamalima kuno kwa Kaphuka. A Nambewe sanachire, ankaonderabe, koma anabwerera kukhala munthu amene ndinamukwatira. Ankadya pang'onopang'ono, kambatata kophikaphika, kaphala kamadzimadzi, zamafuta ayi. Anamuyang'anira Agnesi posankha mbewu ya nyemba. Lamulungu lina tinawakweza panjinga mpaka kutchalitchi, anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, anaimba nawo pang'ono. Tsiku lina atsibweni anawapeza a Nambewe akuseka ndi mdzukulu wawo, anaima pabwalo kanthawi, kenako anapempha mpando.

Kugona chagada kunkawavutabe, ndipo thumba lija linkawapweteka nthiti. Tsiku lina tikuothera dzuwa pakhonde anati, "Tatembenukani." Ndinawapatsa msana. Anaweramira pa ine, chifuwa pamsana panga, mutu paphewa. Anati pamenepo ndiye pabwino, pofunda. Kuyambira tsiku limenelo tinkakhala choncho dzuwa likatuluka, onse titayang'ana kumapiri, osaonana nkhope. Mwina n'chifukwa chake kuyankhula kunali kosavuta.

"Kamera ija sinawonongeke," anatero tsiku lina.

"Ndinadziwa nditafika."

"Ndinkatafuna mapanado awiri musanaimbe. Mukadula foni ndinkagwa pansi."

Kenako ndinati, "Maluwa aja sanali anga. Ine ndinkagona kuseri, m'malata, pafupi ndi chimbudzi." Ndinawauza za tsiku limene anyamata anandilanda malipiro a mwezi n'kundithyola dzino, ndi za masiku amene tinabisala m'chipinda osayatsa nyali chifukwa kunja ankasaka alendo. Ndinamva thupi lawo likugwedezeka pamsana panga. Ndinkayesa akulira, koma ankaseka.

"Ndiye tonse tinali abodza," anatero. "Ine kumauza anzanga kuti amuna anga ali ndi geti." Anaseka mpaka ululu unabuka, ndinathamangira kamuyezo koonjezera kaja.

Sikuti masiku onse anali otero. Matenda atakula, muyezo wakale unasiya kukwana. Ululu unkabwera nthawi isanakwane, ndipo panali tsiku limene anandikankha, kundiuza kuti ndichoke, aitane a Matilida. Ndinakakhala kudimba mpaka dzuwa kupendeka. Anamwino aja atabwera panjinga yamoto anawafunsa mwini wake kuti aloze pomwe pakupweteka, kuti ululuwo ndi wotani, wobaya kapena wotentha, ndipo anakweza muyezo. Atsibweni anali pomwepo. Anamwino pochoka, iwo ndiwo anawaperekeza mpaka pamsewu.

Kumapeto sankathanso kumeza bwino. Tinkawadonthezera mankhwala pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya, monga anatiphunzitsira. Ankagona kwambiri, ndipo ulendo uno tonse tinkadziwa kuti si botolo. Bambo mfumu anabwera kudzawadzoza. Anamwalira m'mawa wina wa mwezi wa Juni, nkhungu isanachoke, ali chotsamira pa Agnesi, ine nditawagwira phazi. Nkhope yawo inali yosakwinyika.

Maliro atatha ndi kumeta kutachitika, abale anakhala pansi kuti andisudzule, kundimasula kuti ukwati watha, nditha kubwerera kwathu. Zinachitika mwaulemu. Anandiyamika, anati nditha kukhala mpaka nditakolola, anati khomo ndi lotsegula. Nyumba inatsala ya Agnesi, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ndinakhalako miyezi iwiri, koma mwamuna wa Agnesi ankachita kuyenda monyang'ama m'nyumba chifukwa cha ine, ndinaona kuti ndi bwino ndinyamuke. Ku Joni njira inali yotsekeka. Kwa Kaphuka makolo anga anamwalira kale, munda wa amayi anagawana ana a mlongo wanga. Mlongo wangayo anati ndibwere, andipatsa kachipinda ndi mizere ingapo. Ndi mmene ndikukhalira mpaka lero.

Tsiku lonyamuka, Agnesi analira pakhomo, a Matilida anandimangira nyemba m'kathumba. Amene anandinyamulira chikwama ndi atsibweni a Kamwendo. Ndinawakaniza chifukwa cha ukalamba wawo, koma anakana kundipatsa. Tinayenda mpaka pamsewu waukulu. Titaima podikira minibasi, anaika chikwama pansi.

"Apongozi, inenso anandisudzula," anatero. "Ku Lobi. Ndinakhalako zaka zambiri kuposa zanu, ndinadzala mitengo yomwe pano akucheka matabwa. Ndinabwera kuno kwa mlongo wanga ndi chikwama chimodzi ngati ichi."

Ndinali ndisanaganizepo zimenezo. Kwa ine anali mwini mbumba basi, munthu wokhazikika pamalo pake.

"Akazi anga anakuwa miyezi itatu," anapitiriza. "Anthu oyandikana nafe ankatseka makutu a ana. Botolo lija tinalipeza kumapeto. Atamwa anakhala chete, ndipo sanayankhulenso mpaka kupita. Ine ndinkati botolo ndi limene linandilanda mawu awo. Koma mwana wa mlongo wangayu ndamuona akuseka." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Tikanalipeza msanga, mwina nanenso ndikanacheza nawo."

Ndinayang'ana kutsidya, komwe amuna awiri achikulire ankaswa miyala m'mphepete mwa msewu, wachitatu ali yekha pakhonde la golosale akuothera dzuwa. Ndinayamba kudzifunsa kuti mwa madoda amene ndinkawapatsa moni tsiku ndi tsiku m'midzi imeneyi, ndi angati amene anabwerera kwa alongo awo ndi chikwama chimodzi, osauza munthu mmene zimawawira.

"Chaka choyamba ndiye chovuta," anatero atsibweni. "Muzipeza chochita m'mawa. Masana amadutsa okha."

Minibasi yoyamba inabwera yodzadza, inangodutsa. Ndinawauza kuti abwerere, kukuzizira. Anati ayi, munthu samusiya yekha pamsewu. Anakhala pachikwama changa, ine ndinakhala pamwala, tinadikira ina.